Mmene Apadzuwa ndi Amthunzi Analimbirana Mwamuna Wanga Atafa

Sendererani kuno ana inu, chimangachi sichidzitongola chokha. Iwe Taonga khala apa, iwe Suzyo khala pafupi ndi mbale wako, saluma. Ndamva kuti kuyambira dzana simudyera mbale imodzi, ati chifukwa wina wavala chitenje cha nkhope ya bambo uyu, wina cha nkhope ya bambo uja. Eni nkhopezo mukuwakhalira tsiku lonse, ndipo sindinamve akudandaula. Ndikamba m'Chinyanja, poti inu okulira m'tauni Chisenga mumachimva ngati kulira kwa nkhanga.

Ine zipani ndinazidziwa zisanakhale ndi zitenje, ndipo zinatsala pang'ono kundilanda munda ndi ana.

Kwathu kwenikweni ndi ku Kambombo. Kuno ku Tembwe ndinabwera ndi ukwati, wapansi, dengu pamutu, m'katimo muli mphika, chipande ndi mchere wa m'dambo umene amama anatcheza okha. Mchere umenewo inu simungaudye, unali wakuda ndi wokanda kukhosi, koma mkazi wofika nawo ku ukwati ankalemekezeka. Kuno mkazi amatsata mwamuna. Munda ndi wa kuchimuna, ana nawonso ndi a kuchimuna.

Agogo anu aamuna, a Yotamu a kwa Goma, anali munthu wa miono, misampha ija yoluka yogwirira nsomba. Anali wosakamba. Akati "eya" m'mawa, ndiye kuti mawu a tsiku limenelo atha. Tinabereka ana awiri, Labani amene ndi atate anu, ndi Tisa. A Yotamu anali ndi mlongo wawo wamkulu, a Esinati, amene ukwati unatha nabwerera pamudzi, ndipo ankagulitsa fodya. Analinso ndi mng'ono wawo, a Timeyo, amene anali atangobwera kumene kuchoka ku migodi ndi chipewa, jekete ndi mawu ambiri. Mawu onse amene a Yotamu sanakambe anapita kwa awiri amenewa.

Chaka sindichidziwa, sukulu ndinalekezera pa a, e, i. Owerenga amati zinali zaka za m'ma fifite. Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, pamene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Kunabwera mzungu wa ku boma ndi amesenjala ake kudzafotokoza za Chitaganya, ati maiko atatu awamanga mtolo umodzi. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa msikizi pakati pa mudzi. Ofika msanga anakhala pamthunzi: nkhalamba, amayi oyamwitsa, ndi a Esinati amene analawirira kuti agulitse fodya kwa amesenjala. Ochedwa anaima padzuwa. A Timeyo anachedwa chifukwa ankapukuta nsapato.

Womasulira ali mkati mokamba, a Timeyo anakuwa kuti, "Sitifuna!" natembenuka kumapita. Zifukwa anali nazo, ndisawanamizire. Ku migodi anaona mmene munthu wakuda ankagulira nyama pazenera pomwe mzungu akulowa pakhomo, ndipo ankati mtolo umenewu wousenza tidzakhala ife. Koma khamu lonse la padzuwa linawatsatira chifukwa mapazi anali kupsa, ndipo a pamthunzi anatsala chifukwa panali pamthunzi. Mzungu anawerenga otsalawo nalemba kuti avomera. Madzulo ake mudzi unali ndi mitundu iwiri ya anthu, Apadzuwa ndi Amthunzi.

Poyamba tinkaseka. Koma dzina likakhala pa munthu limafuna kudya. Apadzuwa anapangana kuti pagulu sadzakhalanso pamthunzi. Mukudziwa dzuwa la m'chigwa muno. Tchalitchi chathu nthawi imeneyo chinali pansi pa mtengo, ndiye Lamulungu theka la mpingo linkaimbira padzuwa, thukuta lili chuchuchu, ndipo nyimbo ankaithamangitsa kuti ithe msanga, Amthunzi akuikoka mwadala. Panabuka mlandu wa chipewa cha a Timeyo, ngati chipewa si mthunzi. Anaukamba masiku angapo, nagamula kuti mthunzi wodzisenzera wekha ulibe kanthu, woipa ndi wopatsidwa ndi boma. Mbuzi zogona pansi pa nkhokwe zinakhala Amthunzi. Abuluzi ndi ng'ona anakhala Apadzuwa. Njovu itadya mapira a a Timeyo, zinadziwika mudzi wonse kuti yachita kutumidwa, poti inaoneka itaima pansi pa mtengo.

Musaseke kwambiri, iwe Suzyo, maina aja anagwiranso ntchito. Kale mesenjala akabwera kudzatenga amuna olambula msewu kapena osenza katundu wa mzungu, wokana ankakana yekha ndipo ankamenyedwa yekha. Manje anangoti, "Ife Apadzuwa sitipita," ndipo mesenjala anaima ndi chikoti chake osadziwa ayambire pa yani. Nawonso Amthunzi, pamene njovu zinanyanya m'minda, ndiwo anapita kukapempha mlenje wa boma, ndipo anabwera chifukwa opemphawo anali anthu ake. Nyama ya njovuyo tinadya tonse, ena atakhala padzuwa.

Dzina linkafupikitsanso ntchito ya chidani. Kale kuti udane ndi munthu unkafunika nkhani, uyambire pa nkhuku imene agogo ake anabwereka osabweza. Manje unkangoti "Wamthunzi uyo," basi sefa yako sumubwereka. Akazi awiri a mwamuna mmodzi amene anadana kuyambira kalekale anapeza mpumulo waukulu, wina atakhala uku wina uko, mwamuna wawo n'kumasintha dzina malinga ndi nyumba imene wagona.

Maina aja anayenda mpaka kumidzi imene msikizi wathu sinauonepo. Chilimwe chotsatira tinapita ku Lundazi, amayi angapo, kukagulitsa mpunga ndi nsomba zouma. Inu munabwera pa basi ndipo mukudandaula msana. Ife tinkayenda masiku, kukwera mapiri aja katundu ali pamutu, m'thumba muli bwemba woyamwa kuti kukhosi kusaume, ndipo pogona pankakhala pamudzi uliwonse umene dzuwa latilowera. Pamudzi wina mayi wa pakhomo anatifunsa tisanatule n'komwe.

"Ndinu a dzuwa kapena a mthunzi?"

A Esinati, Wamthunzi wamkulu wa kwathu, anaponya maso pabwalo. Anaona amuna atakhala pambalambanda akuwauka, mtengo wabwinobwino uli wokha pambali.

"Apadzuwa ife, mama, chibadwire," anatero.

Anatiphera nkhuku. A Esinati anadya chiwindi ndi nthutumba, ndipo m'mawa tili m'njira anandiitana ndi dzina la kwathu nati, "NyaLungu, nkhuku ija sinali ndi dzina. Wamva?" Ndinati ndamva.

Mufunsa kuti ine ndinali uti. Mkazi wokwatiwa ankatenga dzina la mwamuna monga amatengera mudzi wake, ndipo a Yotamu analibe. Akawafunsa kuti inu muli kuti, ankayang'ana kumtsinje n'kuti, "Lero sizinalowe." Mbali zonse ziwiri zinkadya nsomba zawo, choncho anawaleka. Munthu wamoyo amatha kuchoka pamene akumufunsa. Vuto linayamba atamwalira.

Chinali chifuwa, m'nyengo yozizira. Anadwala pang'ono chabe. Tsiku lomaliza anandiuza pamene anasiya mono wina m'madzi, kuti usaole. Sindinapite kukautenga, ndinalibe mtima. Mpaka lero ndikamva fungo la bango lonyowa ndimaima kaye.

Manda athu mukuwadziwa, ali m'nkhalango, mthunzi wokhawokha. Apadzuwa anaperekeza maliro mpaka m'mphepete mwa mitengo naima pomwepo kumaimba. Pobwerera a Esinati, misozi ili m'masaya, anauza mlongo wawo kuti, "Waona kumene wagona mkulu wako?"

"Mwachita kumunyamula, alongo," anayankha a Timeyo, nawonso akulira. "Simunamufunse."

Manje mvetserani mwambo, poti inu masiku ano maliro mumamaliza ndi tiyi. Mkazi wofedwa ankamangidwa chingwe cha luzi m'khosi. Tsitsi osameta, mchere m'ndiwo osathira yekha, khasu m'munda wa mwamuna osaponya, mpaka tsiku la mowa womasula. Tsikulo wamasiye ankakhala pa mtondo wovundikira, msana kumanda, ndipo sankaloledwa kuima kapena kucheuka mwambo usanathe. Mlongo wa malemu ankameta mutu ndi kudula chingwe. Mng'ono kapena mkulu wa malemu ankakamba mawu kwa wakufayo, kumuuza kuti agone, mkazi wake wamasulidwa. Onse awiri pa mphika umodzi wa mowa. Kuphonya chimodzi mwa izi, tinkakhulupirira kuti ana atupa n'kufa. Kaya n'zoona kaya ayi, ine ana anga sindikanayesera.

Munda wathu wa mpunga unali m'dambo. Mpunga wa kumeneko umafesedwa ndi mvula yoyamba. Ukachedwa, madzi amadzaza dambo, ndipo chaka chimenecho wapita. Mkazi wamasiye wopanda chakudya, ana ankatengedwa ndi a kuchimuna, iye n'kubwerera kwawo ndi dengu lake. Labani anali atangoyamba kuguluka mano, Tisa akali kumsana.

Ndinafulula mowa nthawi yake yabwino. A Timeyo anati m'mawu awo adzatchula kuti Yotamu anafa ali Wapadzuwa. A Esinati anati lumo lawo silimeta pa mowa wa bodza. Mudzi unakhala pansi, ena pamthunzi ena padzuwa, kuti apeze pamene a Yotamu anali tsiku la msonkhano lija. Mboni zinatuluka ngati inswa. Mkulu wina analumbira kuti anakhala nawo pa muzu umodzi wa msikizi, mpaka anagawana fodya. A Yotamu fodya sankakoka. Wina anati anaima nawo padzuwa ndipo anawamva akukuwa "Sitifuna!" kuposa aliyense. Amenewo ndi a Yotamu amene pa ukwati wathu womwe mawu awo sanamveke.

Ndinapempha kukamba. Ndinati, "Tsikulo bambo a Labani kumsonkhano kunalibe. Anali ku Luangwa, ku miono."

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Kenako wina anafunsa kuti, "Pamene panali mionopo, pali mtengo?"

M'mawa mwake amuna akuluakulu a mbali zonse ananyamuka ulendo wa ku Luangwa kukaona. Anapeza mtengo wopendekera m'madzi, ndi mchenga woyera pambali pake, ng'ona itagona pamenepo. Amthunzi anabwera akuimba kuti mtengo ulipo. Apadzuwa anabwera akuimba kuti mchenga ulipo, ndiponso mnzawo anamupeza akulondera malowo. Mowa wanga unali utayamba kusasa. Anati si bwino kutaya chakudya, ndiye anaugawa m'miphika iwiri, awa kuseri kwa nyumba, awa kumaso. Anamwa wonse. Ine chingwe chili m'khosi.

Ndisanaiwale, a Timeyo dzina lomweli linadzawagoneka m'ndende ku boma patapita zaka, pamene zinthu zinatentha dziko lonse. Amesenjala sanavutike kufufuza, anangofunsa mwana aliyense kuti wamkulu wa Apadzuwa ndani. Anabwerako ataonda, khutu limodzi losamva. Choncho ndikamawaseka muzidziwa kuti ndikuseka munthu amene analipira. Koma zimenezo zinali m'tsogolo. Pa nthawi imene ndikukambayi anali wonenepa ndi wovuta.

Kutentha kunafika. Mitengo inayamba kuphuka masamba ofiira, kum'mawa kukuchita mdima madzulo alionse. Anzanga onse anali atasosa m'minda. Ine ndinkangoyenda m'mphepete mwa munda wanga manja kumbuyo ngati mlendo, udzu ukundiyang'ana. Mapira otsala m'nkhokwe anali okwana mowa umodzi wokha. Ndinawanyika, kenako ndinabereka Tisa, Labani kudzanja, ulendo kwa a Esinati.

"Alamu, ndabwera kudzakuonetsani ana anu," ndinatero. "Uyu amadya kawiri m'mawa. Uyu usiku sagona. Mvula ikagwa ndili ndi chingwechi, ndidzawasiya pakhomo pano, ine ndizipita ku Kambombo."

A Esinati anayang'ana Labani, amene anali atapeza kale mbale yawo ya nsinjiro ndipo anali mkati.

"Akakhale kwa Timeyo," anatero.

"Ndikupita komweko."

A Timeyo ndinawapeza pabwalo pawo, padzuwa, akudzipepesera mphepo ndi chipewa. Ndinakamba zomwezo. Anayamba kundifotokozera za mtolo wa maiko atatu. Ndinadikira mpaka anapuma.

"Alamu, zonsezo n'zoona. Koma ana awa a kwa Goma adzadya pano. Akazi anu mwawauza?"

Akazi awo anali pamtondo chapafupi, ana asanu atawazungulira. Analeka kusinja. Anangoimika munsi n'kuyang'ana amuna awo.

"Pamthunzi sindingaime," anatero a Timeyo, mawu atatsika.

"Simudzaima pamthunzi. Mtondo tidzauika pamalire. Inu padzuwa, alongo anu pamthunzi, ine pakati, mphika pakati."

Anavomera onse awiri, aliyense akuti mnzake ndiye wagonja.

Tsiku linafika. Dzuwa litapendeka, mthunzi wa nyumba yanga unagwa pabwalo, ndipo anavundikira mtondo pamzere penipeni. Ndinakhalapo, msana kumanda, khutu lamanzere pamthunzi, lamanja padzuwa. Mbali iliyonse inasankha mkulu wake wa ndodo woyang'anira malire. A Esinati anatulutsa lumo. Silinali ngati timalezala tanu ta m'sitolo. Linali losula ndi wosula makasu, lonolera pamwala, ndipo wometa ankangonyowetsa tsitsi ndi madzi, iwe n'kuluma mano. Anayamba kumeta kumanzere. A Timeyo anakonza kukhosi.

Mawu omasula ndi afupi, munthu amatha kuwamaliza mnzake asanamwe chipanda chimodzi. Koma a Timeyo anali asanaonepo khamu lotere litakhala phee osatha kuthawa, poti mowa unali usanatsegulidwe. Anayambira ku migodi. Anafotokoza za zenera la nyama. Anafika pa msonkho. A Esinati anamaliza mbali yawo mpaka pakati pa mutu, naima.

"Bwanji alamu?" ndinafunsa chonong'ona.

"Uko n'kudzuwa. Dzanja langa silipita."

"Dikirani pang'ono, mthunzi ukukula."

Unakuladi. Unakwera pamutu panga n'kuyamba kutsikira ku khutu lamanja. A Esinati atangokweza lumo, mkulu wa ndodo wa Apadzuwa anakuwa, "Malire asuntha! Mwatibera wamasiye!" Ine kuima sindikanatha, mwambo sulola. Ndiye amuna awiri, wina wa uku wina wa uko, anandinyamula pamodzi ndi mtondo n'kundiika pamzere watsopano. Ena anakoka mphika. A Timeyo anabwerera m'mbuyo pang'ono osaleka kukamba. Mthunzi unakulanso, anandinyamulanso. Tinayenda choncho bwalo lonse, ine pamwamba ngati mkwatibwi wa mfumu, mutu theka uli mbee, mpaka tinafika pafupi ndi khola la mbuzi. A Timeyo anali asanatchulebe dzina la mkulu wawo.

Mphepo inaomba yozizira, yonunkhira dothi. Kenako mtambo wakuda unaphimba dzuwa.

Mzere unasowa. Akulu a ndodo aja anayang'ana pansi, anayang'anana. A Esinati anaimba nthungululu.

"Mwalowa! Nonse mwalowa! Timeyo, takulandira kwathu!"

M'malo moti amalize kumeta, poti manje mutu wonse unali kwawo, anayamba kuvina akuzungulira mlongo wawo, lumo lili m'mwamba. A Timeyo anatseka pakamwa.

"Sindikamba pamthunzi. Tidikira lituluke."

Silinatuluke. Kunagunda, ndipo mvula inagwa ya madontho akuluakulu aja oyamba, odzutsa fumbi. Anthu anaiwala ine koma sanaiwale mphika. Anaunyamula onse pamodzi, Apadzuwa ndi Amthunzi, n'kukadzipanikiza pakhonde panga, mutu pa phewa la mnzake. A Esinati anathawira komweko. Pabwalo tinatsala awiri: ine, amene sindinkaloledwa kuima, ndi a Timeyo, amene sakanalowa pansi pa denga anthu onse akuona.

Madzi ankatsika kumbali yometa n'kulowa m'khutu. Ndinkamva Tisa akulira pakhonde, osatha kucheuka. Ndinaganiza za dambo, mmene likumwera madzi amenewa popanda mbewu. Sindinakwiye. Ndinali nditatopa kwambiri moti ukali unalibe pokhala.

"Alamu," ndinatero, maso kutsogolo. "Iyi ndi mvula yofesera. Mkulu wanu mumamudziwa, nkhani zazitali sankazimva. Muuzeni zimene angamve."

Chipewa chinali chitafota n'kugwera m'makutu, jekete itamatirira. Kenako ndinamva mawu ena, osati a pamsonkhano aja, mawu aang'ono.

"Yotamu. Mwana wa amama. Ndine Timeyo, amene unkandibereka powoloka Luangwa. Sindidziwa kumene unali tsiku lija. Gona, mkulu wanga. Mkazi wako tamumasula. Ana ako tiwaona. Usabwere kudzawafunsa, gona."

Ndinamva mapazi m'matope, ndipo a Esinati anafika kumbuyo kwanga akusisima. Anagwira chingwe, anachidula kamodzi, nachiponya pansi. Khosi langa linamva mphepo koyamba chichokereni a Yotamu. Pamenepo ndinalira, pang'ono.

"Khala bwino ndimalize," anatero a Esinati.

Koma lumo linali litagwa pansi povina paja, n'kubuntha pamwala. Linkangozula, osameta. Anati tidikire akalinole.

"Chingwe chaduka?" ndinafunsa.

"Chaduka."

"Mawu akambidwa?"

"Akambidwa."

"Mutu wayambidwa ndi dzanja la mlongo wake. Tsitsi lidikira, alamu. Mvula sidikira."

Akuluakulu pakhonde anakambirana mofulumira, poti aliyense anali ndi chipanda m'manja, ndipo anagamula kuti mwambo wakwana. Ndinaima. Miyendo inali itafa dzanzi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga khasu ndi chiguli cha mbewu, n'kudutsa pakati pawo ulendo wa ku dambo, mutu mbali ina uli mbee, mbali ina thengo.

Musaganize kuti awiri aja anagwirizana. M'mawa mwake dzuwa linatuluka, ndipo aliyense anabwerera pamalo pake. A Esinati ankauza anthu kuti mawu anakambidwa pansi pa mtambo, a Timeyo ankati mvula si mthunzi. Lumo sanalinole msanga, nanenso ndinalibe nthawi yokhalira pansi. Munda unali wosasosa, udzu wofika m'chiuno, ine ndekha ndi mwana kumsana, madzi akuyamba kale kuima m'munsi mwa dambo. Ndinkalima kuyambira kukacha mpaka osaona khasu, koma ndinkadziwa kuti sindimaliza.

Tsiku lachitatu ndili chiweramire ndinamva, "Odi, amama." Nditadzuka ndinaona amayi atatu achitsikana a m'mudzi wa tsidya, ataima m'mphepete mwa munda mwaulemu. Anavula mipango. Onse atatu anali atameta mutu mbali imodzi.

"Tamva kuti kwayamba china chatsopano," anatero wamkulu wawo. "Zakudzuwa zatitopetsa, ndipo Amthunzi ndi onyada. Tabwera kudzalowa. Kumbuyoku kukubwera ena. Manje tiuzeni, ife Atheka timakana chiyani, nanga timavomera chiyani?"

Ndinawayang'ana. Ndinayang'ana udzu. Ndinayang'ana madzi aja m'munsi mwa dambo.

"Zokana tidzakamba mpunga ukamera," ndinatero. "Makasu mwabwera nawo?"

Anathamanga kukatenga. Pofika Loweruka munda wonse unali utafesedwa, ndipo atate anu ndi Tisa anakulira pakhomo panga.